Voisi noti ya pagulupu inandilembetsa sapu

Mchemwali wanga wamng'ono dzina lake latuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, akupita ku yunivesite, ndiye masiku ano foni yanga sikupuma. Achimwene ndigule foni yanji, achimwene laputopu ndi yofunikadi, achimwene akuti pali gulupu ya mayaro, a chaka choyamba, ndilowe? Ndinayamba kumuyankha pa voisi noti koma ndinaona kuti nkhaniyi ndi yaitali, komanso si iye yekha amene akuchokera kumudzi ngati kwathu kuno n'kukapeza kuti theka la sukulu likuchitikira pafoni. Ndiye ndati ndingolemba zomwe zinandionekera ine, wofuna kutolapo kanthu atolepo.

Kwathu ndi ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu. Amene munadutsapo pa M1 mukudziwa kuti pamenepaja msewu womwewo ndiye malire, mbali ino Malawi, ukangowoloka tala wafika ku Mozambique osadinditsa pasipoti. Tomato ugule uku, kabichi ugule uko, palibe amakufunsa. Koma foni nayonso sidziwa malire, imangogwira netiweki imene yamveka mwamphamvu, ndiye umatha kukhala pakhonde panu penipeni foni n'kukulandira ndi meseji ya Chipwitikizi ngati wapita ku Tete. Zimenezi kale zinkangotiseketsa. Zinasiya kuseketsa mu 2020.

Ndinali chaka chachiwiri. Pa 20 Malichi a Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha korona ndipo sukulu zonse zitseke pofika pa 23, nthawi imeneyo ku Malawi kuno kunali kusanapezeke ndi munthu mmodzi yemwe wodwala, oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Ife tinkangoti aaa ndi za masabata awiri izi, ine ndinanyamula kachikwama kamodzi, makope onse ndi mahandauti ndinasiya ku hositelo. Nditafika kunyumba mayi anangoti bola wabwera, kudimba manja achepa. Ndiye sukulu inathera pompo, m'mawa kuthirira kachewere, masana kupopera kabichi, madzulo kumvera wailesi za chisankho chobwereza chija cha pa 23 Juni.

Patapita nthawi ndi pomwe uthenga unabwera pagulupu ya kalasi kuti maphunziro apitirira pa intaneti. Apa ndiye panayambira chisokonezo. Makosi ndinali nawo 6, ndipo lekichala aliyense anasankha njira yake. Awiri anati zonse zili pa Moodle, tsamba la sukulu la pa intaneti loikapo manotsi ndi maasainimenti, wina Google Classroom, wina Zoom katatu pa sabata, wina ankangoponya ma PDF ndi mavoisi noti pa WhatsApp, ndipo mdala wina anati iye za ana izi sazidziwa, aliyense amulembere imelo. Sindikuwanena, nawonso zinawagwera ngati mvula ya chizimalupsa, ena mwa iwo ankaphunzira kugwiritsa ntchito zinthuzo tsiku lomwelo akutiphunzitsa.

Chimene anthu a m'tauni sankachimvetsa n'chakuti intaneti si imodzi. Pali bandulo ya WhatsApp yokhayokha, yotchipa, imene munthu umatha kuipeza ukagulitsa ndowa imodzi ya kachewere n'kutsala ndi chenji, ndiye pali bandulo yotsegula chilichonse, imeneyo ndi ya mabwana. Bandulo ya WhatsApp siitsegula Moodle, siitsegula Google Classroom, Zoom ndiye osayerekeza. N'chifukwa chake kalasi yathu yeniyeni inasamukira pagulupu. Munthu mmodzi amene ali ndi wifi kwawo akalowa pa Moodle ankatenga manotsi n'kuwaponya pagulupu, tonse n'kumadyera pomwepo. Ine ndinkatha sabata yathunthu osalowa pa Moodle, ndinkangoti chilichonse chofunika chifika pagulupu. Mawu amenewa muwasunge, tibwereranso.

Ndikafuna kulowa pa Moodle ndinkagula bandulo ya usiku, ndipo malo okhawo amene netiweki ya ku Malawi inkagwira bwino anali pa chulu china kuseri kwa munda wa amalume. Mukudziwa kuzizira kwa Julayi kumtunda kuno, nkhungu yokhayokha, mphepo yochokera ku Mozambique ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinkadzuka cha m'ma 1 koloko, kufunda bulangete mpaka kumutu, kukwera pachulu, dzanja limodzi m'mwamba ndi foni, ndikuyang'ana kamzere kaja kakuyenda pang'onopang'ono, 34%, 35%, kenako kuima. Tsiku lina agalu anauwa kwambiri, ndinangoona tochi ikubwera, amalume ali ndi chibonga m'manja. Musaiwale kuti chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zinali zitangodutsa kumene, munthu wofunda bulangete ali pachulu usiku ndi kachinthu kowala m'manja sinali nkhani yoseweretsa.

"Ndani ameneyo?"

"Ndine amalume, musaponye."

"Iwe mphwanga? Ukutani pachulu usiku uno?"

"Ndikutenga manotsi a kusukulu."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Sukulu yake ndi imeneyi tidagulitsira ng'ombe ija?" Anabwerera akung'ung'udza, koma kuyambira tsiku limenelo ankandibwereka chijasi chawo chachikulu chija anachitenga ku Joni.

Za Zoom ndisachulutse. Ndinalowapo maulendo osakwana 10. Ukayatsa kamera bandulo imasungunuka ngati mchere m'madzi, ndipo popeza lekichala ankagwiritsa ntchito yaulere, ikakwana mphindi 40 inkaduka, tonse kulowanso, pomwe ukulowanso iwe wa pachulu anzako apita kale patsogolo. Ndipo tsiku lina ndinaiwala kutseka maiki, mayi n'kukuwa ali kuseri kuti iwe, nkhumba zatuluka m'khola, ukungokhalira foni! Kalasi yonse inamva. Mpaka tinamaliza sukulu anzanga ankanditchula kuti a Nkhumba Zatuluka kkkk. Tsekani maiki musanalowe n'komwe, kamera muziyatsa pokhapokha akuuzani.

Tsopano nkhani imene inandipweteka. Kosi ina ya pa Moodle inali ndi asainimenti ya mamalikisi 20, yotseka Lachisanu 11:59 usiku. Kwathu makosi ambiri 40 inkachokera ku maasainimenti ndi mayeso apakati, 60 ku mayeso omaliza, ndiye 20 si yocheza. Ndinkalemba pafoni, ndi zala ziwiri, masamba 8, laputopu ndinalibe. Lachitatu usiku ndili pachulu ndinati ndiyese kukweza zomwe ndalemba kuti ndione ngati fayilo ikulowa, inali theka chabe, yopanda mathero, yopanda mndandanda wa mabuku. Inalowa. Ndinati bho, Lachisanu ndidzachotsa iyi n'kuika yomaliza.

Lachinayi masana ndikuchokera kudimba ndinapeza gulupu yatentha, mameseji 300 ndi kanthu. Wina waponya voisi noti, mawu a bambo wachikulire akunena mu Chingerezi kuti chifukwa cha mavuto a netiweki amene ambiri mwadandaula, asainimenti mubweretse Lolemba. Sanatchule dzina la kosi, sanatchule dzina lake. Pamwamba pake panali kachizindikiro kaja kosonyeza kuti yachokera kwina, koma ndani amayang'ana zimenezo uthenga ukakhala wokoma? Anthu anayamba kuponya tizithunzi tovina, ena Mulungu ndi wabwino, ena adala amenewa ndi munthu. Mtsikana wina analemba kuti koma guys pa Moodle deti sinasinthe, anthu anamuzazira kuti iwe ndiye umafuna tivutike, asintha mawa. Repu wathu, woimira kalasi kwa malekichala, foni yake inali yozima, kwawo kunali maliro. Ine ndinaimvera kawiri, mawuwo anafananadi, kapena ndinene kuti makutu anga anafuna kuti afanane, chifukwa Lachisanu lake kunali kokumba kachewere, galimoto ya ogula inali itapangana ndi mayi kuti ifika Loweruka m'mamawa.

Ndiye Lachisanu ndinakumba kachewere tsiku lonse, ndinagona ngati mwala. Loweruka tinakweza matumba. Lamulungu ndinamaliza asainimenti bwinobwino, ndinaikonda ndithu, usiku ndinakwera pachulu ndi chijasi cha amalume. Kutsegula Moodle, batani loika fayilo palibe. Ndinaganiza kuti ndi netiweki, ndinatseka, kutsegulanso, palibe. Pali mzere wofiira wonena kuti nthawi inadutsa ndi masiku awiri, ndipo pamwamba, pomwe pamayenera kulembedwa kuti Submitted for grading, panalembedwa kuti Draft. Kuzizira konse kuja kunatha, thukuta linayamba kutsika m'khwapa. Voisi noti ija inali ya lekichala wa kalasi ina, ya chaka chachitatu, wina anangoitola kwa chibwenzi chake n'kuiponya kwathu.

Apa pali zinthu ziwiri zoti mumvetse, chifukwa ine ndinazidziwa mochedwa. Choyamba, pa Moodle kukweza fayilo si kupereka asainimenti nthawi zonse. Malekichala ena amaitchera kuti ukakweza ikhale kaye ngati Draft, mpaka utadina batani lina lolembedwa Submit assignment n'kuvomereza, ndi pomwe imasintha kukhala Submitted for grading. Pa Google Classroom n'chimodzimodzi, ukamata fayilo uyenera kudinanso Turn in, kupanda kutero kwa lekichala zimaoneka ngati sunapereke. Ndikudziwa anthu amene analemba ntchito yabwino, anaikweza nthawi yabwino, koma sanadine kabatani kamodziko. Chachiwiri, chimene chili pa Moodle ndiye chimene chimawerengedwa. Lekichala akasinthadi deti amasintha pomwepo kapena amalemba pa malo a zolengeza. Za pagulupu ndi za pa chitsime, zina zoona zina zongomva.

Lolemba m'mawa pagulupu panali maliro. Tinalipo 19 amene tinagwa m'mbunamo. Amene anaponya voisi noti uja anatuluka pagulupu mwakachetechete. Ena anayamba kuimbira lekichala, ena kumutumizira mameseji pa WhatsApp usiku, zimene zinangomukwiyitsa. Ine ndinalemba imelo, ndinafotokoza chilungamo chake osanamizira maliro kapena matenda, ndinamata fayilo yomaliza ija. Anayankha patatha masiku atatu, mizere iwiri yokha: iye sanasinthe deti, ndipo sangachonge ntchito yobwera mochedwa chifukwa ena anavutika kuti apereke pa nthawi yake, koma amene ali ndi kanthu pa Moodle kamene kanalowa Lachisanu lisanadutse achonga komweko. Ndiye kachitheka kanga ka Lachitatu kaja ndi kamene kanachongedwa. Ndinapeza 6 pa 20. Anzanga amene analibe kalikonse anapeza 0. Pamapeto a semesita kosi imeneyo ndinaperewera ndi mamalikisi 4, ndinalemba sapu, mayeso obwereza a munthu amene walephera kosi, ndipo ndalama yolipirira ndi thiransipoti zinachokera pa kachewere yemwe uja. Nthawi imeneyo ndinkati bamboyo ndi wouma mtima. Pano ndimaona kuti sanalakwe, safunsa anadya phula, ndipo mtsikana uja anatiuza ife n'kumuzazira.

Sukulu zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala, kuyambira ndi a chaka chomaliza, ife tinabwerera mu Okutobala. Ku hositelo nkhani inali imodzi yokha kwa masabata angapo, yoti kodi sukulu ya pa intaneti ija inali sukulu kapena chiyani, ndipo ndinadabwa kuti sitinkagwirizana ngakhale pang'ono.

Mesho wanga, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe, ankati aise ine zija zinandikomera, bwenzi zitangopitirira. Iye ankaphunzira ali pabedi, wifi ya bambo ake, laputopu yakeyake, kalasi ikatha n'kuonera YouTube kufotokozera zomwe sanamve. Ndinkamuyang'ana ndikukumbukira chulu, mtima n'kumawawa, koma sankanama, kwa iye zinalidi bwino. Mnyamata wina wa ku Chitipa ankati iye miyezi yonse ija sanaphunzire kanthu, ankayenda mtunda wautali kukatchajitsa foni pa sola ya munthu, ndipo ankati chimene chinachitika n'chakuti anayesa matumba a makolo athu osati mitu yathu. Mawu amenewo sanandichoke.

Koma amene anandisintha maganizo ndi mayi wina wa m'kalasi mwathu, mphunzitsi wa ku pulayimale amene anabwera kudzawonjezera maphunziro, tonse tinkangowatchula kuti anti. Iwo ankati ana inu simukudziwa, ine voisi noti ya lekichala ndimaimvera katatu, ndikuphika, ndikuchapa, mwana ali kumsana, pomwe m'kalasi mawu akadutsa adutsa. Ndipo ankati kwa nthawi yoyamba anayamba kufunsa mafunso, chifukwa m'holo ya anthu 120 sankayerekeza kukweza dzanja kuopa kuti Chingerezi chikawathawa ana aseka, koma polemba umatha kufufuta n'kukonza usanatumize. Nditaganiza ndinaona kuti ndi zoona, anthu amene ankafunsa mafunso anzeru pagulupu sanali aja olongolola a kutsogolo, anali anthu oti mawu awo tinali tisanawamvepo.

Atsikana anali ndi dandaulo lawo limene ife anyamata sitinkaliona n'komwe. Pagulupu nambala ya aliyense imaonekera, ndiye usiku ankangolandira mameseji kwa anthu osawadziwa, hi dear ndakuona pagulupu, ena mpaka kuimba pa vidiyo. Wina anachita kutuluka pagulupu chifukwa cha zimenezo, n'kuphonya mayeso apakati chifukwa uthenga unadutsa iye kulibe. Mchemwali, iwe makamaka, chithunzi chako cha pa WhatsApp ndi status uzitchere kuti azione okhawo amene uli ndi nambala zawo, wokuvutitsa umubuloke usachite naye manyazi, ndipo zikapitirira usunge masikirinishoti ukanene kwa oyang'anira ophunzira. Komanso kumbukira kuti lekichala ukasunga nambala yake naye n'kusunga yako amaona status yako. Mnzanga wina anapempha kuti amuwonjezere masiku ati akudwala malungo, madzulo omwewo n'kuika status ali ku Salima kunyanja.

Pa Facebook ndiye panalibe mkangano, tonse tinkavomereza kuti pamenepo sipophunzirira, ndi pomwe bandulo imathera. Umalowa kuti uone peji ya yuniyoni ya ophunzira ngati alengeza za malowani, ukamatuluka papita maola awiri ukuwerenga makomenti a anthu akutukwanizana za Bullets ndi Wanderers.

Ine maganizo anga, pambuyo pa zonsezi, ndi akuti WhatsApp sitingaithawe, ndi imene inatipulumutsa ife osauka, koma gulupu yaikulu ya kalasi ndi msika wa Lizulu, muli zonse, tomato wabwino ndi woola, ndipo aliyense akukuwa. Chimene chinandithandizadi ndi kagulupu kakang'ono kamene tinapanga anthu 5 titabwerera. Tinagwirizana malamulo ochepa: muno mulibe nthabwala, mulibe maunyolo a mapemphero aja oti tumizani kwa anthu 10, ndipo aliyense wobweretsa uthenga wa deti kapena mayeso abwere ndi sikirinishoti ya pa Moodle kapena pa Classroom, osati ndamva. Tinagawana makosi, aliyense ali ndi yake yoti azilowa tsiku lililonse kuona ngati pali chatsopano, ndiye m'malo moti tonse tiziwononga bandulo yodula pa makosi onse, aliyense ankawononga pa imodzi. Mesho wanga wa wifi uja tinamuikamo dala, ntchito yake inali mavidiyo, akaonera ankatijambulira voisi noti ya mphindi 5 m'Chichewa kufotokoza mfundo zake. Ndipo iye amene ankafotokozayo ndi amene anayamba kukhoza kwambiri, kaya chifukwa pofotokozera ena ndi pomwe zinkamulowa.

Mu Januwale 2021 korona itabweranso mwamphamvu sukulu zinatsekedwanso kwa masabata angapo, koma ulendo uno ndinapita kumudzi nditakonzeka. Ndisananyamuke ndinakhala pa wifi ya kusukulu tsiku lathunthu ndikutsitsa chilichonse. Apu ya Moodle ya pafoni imalola kusunga zinthu za kosi kuti uziwerenga popanda intaneti, anthu ambiri sadziwa, amangolowera pa Chrome nthawi zonse. Mabuku aakulu tinkapatsana pa Xender kapena Bluetooth, osawononga ngakhale tambala. Pa WhatsApp ndinatseka zoti zithunzi ndi mavidiyo zizitsika zokha, chifukwa ndinazindikira kuti theka la bandulo yanga linkathera pa mavidiyo a nthabwala amene sindinawapemphe. YouTube ndinkaionera pa 240p, bola mawu akumveka ndipo zolemba pa bolodi zikuoneka. Ndipo vuto la netiweki ya ku Mozambique lija ndinalithetsa mophweka zedi moti ndinadzimvera chisoni: umalowa ku Settings, pa za netiweki, n'kuchotsa zoti foni izisankha yokha, iwe n'kusankha ya kwanu. Anzanga a ku Tsangano, Biriwiri, Dedza boda ndi konse kwa m'malire, chitani zimenezo.

Asainimenti ndinasiya kuilembera mu foni mokha. Ndinkalemba pa Google Docs, imene imalola kulemba popanda intaneti n'kudzasunga yokha netiweki ikabwera, ndipo akaunti iliyonse ya Google imabwera ndi malo aulere a 15GB. Izi zinandipulumutsa chaka chachitatu foni itagwera mu ndowa kudimba, ntchito yonse ndinakaipeza pa kompyuta ya kulaibulale. Popereka ndimasandutsa kaye kukhala PDF kuti masamba asasokonekere, ndipo dzina la fayilo ndimaika nambala yanga ya sukulu ndi kosi, osati zija za finalfinal2. Ndipo lamulo langa kuchokera pa sapu ija linali loti deti ikakhala Lachisanu, kwa ine ndi Lachitatu. Ndikapereka, ndimadikira mpaka ndione mawu aja asintha, ndijambule sikirinishoti yooneka deti ndi nthawi, ndiitumize ku imelo yanga. Usiku wa dedilaini aliyense amakhala akukankhana pakhomo limodzi, ndi nthawi imene zinthu zimakonda kufa.

Magetsi nawo musawadalire. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuzima kwa magetsi kunafika poipa kwa nthawi yaitali, magetsi akazima nthawi zina netiweki nayo inkafooka. Pawabanki ndi chinthu chimene ndinganene kuti gula usanagule nsapato zatsopano. Pa foni, usathamangire ya kamera yabwino, yang'ana batire ndi malo osungira zinthu, ma PDF ndi mavoisi noti a zaka 4 si masewera. Laputopu ngati ndalama palibe ukhoza kuyamba opanda, ine ndinafika chaka chachitatu, koma pofika pa risechi ya chaka chomaliza imafunika ndithu, olo yakale ya pa kaunjika bola kiyibodi ikugwira.

China chimene chinatigwera chaka chachitatu, WhatsApp ya repu wathu inabedwa. Anamuimbira munthu wodzitcha wa ku ofesi ya za maphunziro ati tikukulowetsani mu kalasi ya pa intaneti, tiuzeni manambala 6 amene abwera pa meseji. Iye n'kuwerenga. Pasanathe ola limodzi tonse tinalandira uthenga wochokera pa nambala yake kuti aliyense atumize ndalama ya mahandauti pa nambala iyi, ndipo popeza ndi repu, anthu angapo anatumiza. Manambala amenewo sapatsidwa kwa munthu wina aliyense, olo atanena kuti ndi vice chancellor. Pa WhatsApp pali Two-step verification, umaika PIN yako ya manambala 6, zimatenga mphindi imodzi. Ndipo uthenga uliwonse wopempha ndalama, imbani kaye mumve mawu a mwini wake.

Za ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso ngati munthu, zinatipeza tikumaliza, inatuluka kumapeto kwa 2022. Apanso ku hositelo kunali magulu awiri, ena ankati ndi kubera, ena ankati ndi laibulale yolankhula. Ine ndinaigwiritsapo ntchito kuti indifotokozere zinthu za statistics zimene zinkandizungulitsa mutu, pamenepo inandithandiza, sindinama. Koma mnzanga wina anaipempha mndandanda wa mabuku a risechi yake yokhudza ulimi wa kachewere, inamupatsa mayina okongola a olemba ndi zaka zake, supavaiza atafufuza anapeza kuti theka la mabukuwo kulibe padziko lapansi. Anayambiranso chaputala chonse. Ndiye ifunse kuti umvetse, koma chilichonse chimene yakuuza kuti chinalembedwa ndi uje, kachipeze wekha ndi maso ako usanachiike pa pepala lokhala ndi dzina lako, ndipo ufunse kaye malamulo a sukulu yako pa nkhani imeneyi chifukwa amasiyana.

Gulupu ya mayaro ija ulowe mchemwali, palibe vuto, ndi momwe udzadziwire za malo ogona ndi tsiku lolembetsa. Uitseke kulira kokha kuti isakusokoneze, ndipo wina akadzalemba kuti koma pa Moodle sizinasinthe, ameneyo umusunge nambala.

Mwezi watha ndinali kumudzi, ndinati ndikaone chulu changa chija. Amalume anachigumula chaka chatha, dothi lake anaumbira njerwa za khitchini. Ndinawafunsa kuti nanga mphwanu wamkaziyu akabwera ku holide azikatengera kuti manotsi, anati azikwera pa denga la khitchiniyo, ndi dothi lomwe lija.